Khomo la Mwatitha

Ndi m'mawa, ndipo mwera ukuwomba fumbi. Chiyambireni kugawa madzi potsata makomo, nyumba siiloledwa kukhala ndi makomo awiri. Mwana wanga Mwatitha, amene amayendera njinga ya olumala, anatopa kudutsa pamphasa yanga akafuna kutuluka.

"Ababa, ndakula ine. Ndizikudzutsani mpaka liti?"

Choncho ndinamanga khoma pakati pa nyumba, khomo n'kutsala mbali yake. Ine ndimatulukira pawindo, kupondera njerwa.

Lero wazungulira kuseri, wandipeza mwendo umodzi uli kunja.

"Nanga mukadzagwera m'katimo, Ababa, ine ndidzalowa bwanji?"

Zimenezo ndinaziganiza kale pomanga, koma ndinamangabe. Ndatsika pang'onopang'ono, n'kupita kukamasula mbuzi.