Valavu ya Mkuwa Inaulula a Landilodi

Panali bambo wina, ndipo amene anaona akulumbira kuti si nthano, yemwe aliyense ankangomutcha a Landilodi. Kutsogolo kwa nyumba akazi awo anali ndi saluni, kuseri kunali kachipinda ka lendi. Bambowo ntchito analibe, kunali kungozungulira pabwalo makiyi akulira m'chiuno ngati ng'ombe ya belu.

M'kachipindamo munkakhala mayi wina wamasiye, telala. Basi a Landilodi mtima dyokodyoko. Tsiku lina anakaima pakhomo pake atanyamula buluku loti silinang'ambike n'komwe.

"Achemwali, nokhanokha chonchi mpaka liti? Ine ndilipo, ndipo sindiyankhulayankhula."

"A Landilodi, inu ndi bambo anga. Tengani buluku lanu, mukawapatse amayi akusokereni."

Anachoka akutukutira ndi ukali. Iwo, mwini malo, kukanidwa ndi munthu wa makina opalasa? Pakhoma lakuseri panali valavu ya mkuwa, ija ya kagudumu kofiira pamwamba, yoti ukapotokola, kachitseko ka m'kati kamatsika n'kutseka madzi. Anayamba kuitseka m'mawa uliwonse kuti telalayo asowe ngakhale osukusula. Mumtima ankati: abwera yekha kudzandigwadira. Koma sanabwere.

Ndiye kunabwera mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ndi pulambala, kudzaika giza wa madzi otentha mu saluni. Atamaliza anawaitanira kuseri.

"Alamu, mipope yonse ya mu saluni ndi giza yemwe ndazilumikiza ku paipi ino. Mukatseka apa, mwatsekera mlongo wanga. Ndipo valavuyi ndi mkuwa weniweni, idzakalamba ndi nyumbayi, koma imafuna dzanja basi. Sipanala ayi. Mukaikakamiza, kamtengo ka m'kati kamathyoka, kachitseko n'kutsalira pansi."

"Eya, eya, alamu," anatero a Landilodi, koma maso ali pawindo la telala. Palibe chinalowa m'khutu.

Kutacha, a Landilodi atatseka valavu n'kuima kuseri kwa khoma, anamuona telala uja akutsegula valavu ndi dzanja lake n'kutunga madzi. Kani ndi zimene ankachita masiku onsewo iwo akangotembenuka! Magazi anawira. Anakatenga sipanala yaikulu, n'kuwonjezerapo chipaipi kuti mphamvu zichuluke.

"Lero utsegule ndione, mwana wa njoka iwe!"

Anamanga, n'kumanganso, mpaka kukwerapo ndi phazi. Nthawi yomweyo mu saluni kunamveka kukuwa. Akazi awo anali atangopaka azimayi atatu mankhwala owongola tsitsi, aja oti akakhalitsa amaotcha ngati moto. Atatsegula mpopi kuti awatsuke, unangolira fwee, madzi olo dontho.

"Mayo mutu wanga! Madzi! Mukundipha!"

Apa m'pamene mawu a mlamu anawafika a Landilodi. Anabweza sipanala mwaphuma kuti atsegule. Thyo! Kagudumu kanayamba kungozungulira kokha ngati chidole cha mwana, madzi osabwera. Akazi awo anatulukira akuthamanga, manja ali mankhwala okhaokha, m'mbuyo mwawo azimayi atatu mitu ili mbuu.

"Bambo a ana, mwatani apa? Sipanala ya chiyani pa valavu? Achimwene anati chiyani dzulo?"

"Ndimati... ndimati ndiikonze, imadontha."

"Imadontha ndi mutu wanuwo! Anthu akupsa!"

Wina mwa azimayiwo, chimzimayi cha mawu ngati hutala, anawagwira a Landilodi pakolala: "Tsitsi langa likathothoka, ndikuzulani ndevu imodziimodzi!"

Telala uja anatsegula chitseko chake. "Amayi, bweretsani anthuwo kuno, madzi ndili nawo."

Analowa. M'chipinda monse zidebe, mabeseni, mapoto, ngakhale pansi pa makina osokera, zonse zodzaza madzi. Anawatsuka azimayi aja pakhonde pomwepo. Awiri anapulumuka, koma chimzimayi chija tsitsi la pakati linatsalira m'beseni.

Akazi a Landilodi anaima n'kuyang'ana zidebe zija. "Mwana wanga, mpopi uli pakhomo pako. Madzi onsewa ukusungiranji ngati uli m'chipululu?"

A Landilodi anayamba kutsokomola, kutsinzinira, kugwedeza makiyi. Telala sanawayang'ane n'komwe.

"Amayi, ndinkakulemekezani, n'chifukwa chake ndinali chete. Bambowa anandifunsira, ndinawakana. Kuyambira pamenepo amanditsekera madzi m'mawa uliwonse kuti ndikawagwadire."

"Bodza! Mkazi ameneyu ndi wamisala!" anakuwa a Landilodi.

"Wamisala ndi amene wagwira sipanala," chinatero chimzimayi chija, dzanja lili padazi.

Akazi a Landilodi anapita pa valavu paja. Anatola kagudumu kofiira kaja, kamene kanali katagwa pansi, n'kuwaika m'dzanja.

"Ichi ndiye chanu pa nyumba ino. Malowa anandisiyira ndi malemu bambo anga, inu ulandilodi munangoupeza pabedi. Makiyi pansi."

Makiyi anagwa. Mlamu uja atabwera anadula paipi, n'kuika valavu ina ya mkuwa, kenako n'kuwathandiza alamu ake kunyamula chikwama mpaka pageti. Telala akadali m'chipinda chake, madzi akutuluka bwinobwino. Chimzimayi chija chikuyenda ndi wigi, ndipo chikafika paliponse nkhani yoyamba ndi imeneyi. Bambo aja akugona pa mpando kwa mng'ono wawo, ndipo dzina la Landilodi linatha, pano ana akuwakuwiza kuti a Sipanala.

Phunziro: Azibambo, mkazi akakana wakana, osamulanga ndi madzi. Ndipo pulambala akamayankhula, chotsani maso pawindo la eni: valavu ya mkuwa ndi ya dzanja, mukaikakamiza imathyoka pamodzi ndi banja lanu. Tumizirani anzanu onse a lendi, ndipo ngati muli ndi nambala ya a landilodi anu, yambani ndi iwowo.