Singano ya Amayi

"Auzeni asiye kusoka," mwana wa telala anachonderera nesi. "Akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Singano ikawabaya, magazi sasiya msanga."

Telalayo anatambasula chala, nesi n'kuchibaya kuti ayeze magazi.

"Iwe, ndinakulera ndi singano yomweyo," anatero mayiwo, maso ali psuu. "Yondibaya mwezi ndi mwezi ndi ya anesiwa, osati yanga. Makina anga sindiwasiya, olo ulire!"

Nesi anayang'ana kachipangizo koyezera kaja. "Magazi ali bwino, amayi. Muzimwabe monga kale, osadumphitsa, osawonjezera."

"Nanga zosokazo?" mwana uja anaumirira.

Nesi anatsokomola, n'kutsitsa mawu. "Amayi, diresi langa la ukwati lija litha sabata ino?"