Zitsulo za Tenti

Tsiku lomaliza limene mnyamatayo anawaona amoyo, achimwene ake ankamangirira tenti kumbuyo kwa njinga.

"Zitsulo zake ndakusiyira dala, mphwanga. Mayeso akatha undilondole, apo ayi ndizigona pamtetete."

Mvula itawapeza kutali, achimwenewo anakagona pansi pa lole yoima. Dalaivala anailiza osasuzumira.

Mnyamatayo koleji anaisiya. Mayi ake anamangirira njinga yake ndi tcheni kumwendo wa bedi lawo, kiyi n'kumamuvala m'khosi.

Tsiku lina mnyamatayo anawagwadira, zitsulo zija zili m'manja.

"Amayi, ndingokafika pamene anafikapo. M'nyumba muno ndikubanika."

"Udzapita, mwana wanga," anatero osasiya kusita. "Akabwera mkulu wako, mudzapitira limodzi."

Achimwene akewo anali ataikidwa kale m'manda pa 9 Disembala.