Boaz Anatuma Mnzake Kukayezetsa Magazi

Panali munthu wina ku Chipata, dzina lake Boaz, ndipo amene ananditumizira nkhaniyi akuti ndi yoona. Ankagwira ntchito yothandiza amalonda kuolotsa katundu pa bodala la Mwami. Anali ndi alongo awiri: Fainess, mphunzitsi, ndi Jesca, chitsirizira cha banjalo.

Jesca anayamba kuwezuka. Nkhama zinkatuluka magazi, kakhungu kakangokhudzidwa kankada. Akamuthira magazi ankadzuka, pakapita milungu ingapo n'kugwanso. Ku Lusaka dokotala anaitana abale n'kuwauza poyera.

"M'kati mwa mafupa muli nazale ya magazi," anatero dokotala. "Muli timaselo tating'ono timene timabala magazi atsopano tsiku ndi tsiku. Nazale ya Jesca yafa. Tikapeza m'bale wa mimba imodzi wofanana naye, timatapako pang'ono mwa iye n'kuokera mwa wodwalayo. Woperekayo zake zimaphukiranso, monga mmene chimachitira chibwabwa, masamba a maungu aja, mukathyola nsonga."

Opaleshoniyo inali yokachitira kunja, ndipo mpingo unalonjeza kusenza ulendowo. Fainess anayezetsa tsiku lomwelo. Sanafanane, ndipo analira ngati wafedwa kale. Anatsala Boaz yekha.

Koma Boaz, m'malo mofunsa dokotala, anakafunsa dalaivala wina wa thiraki amene anakumana naye pamzere pa Mwami, munthu wosadziwa ndi dzina lomwe.

"Amwene, musayerekeze!" anatero dalaivalayo. "Mafuta a m'mafupa ndiwo mphamvu ya mwamuna. Akakutapani, m'nyumba mudzangokhala chokongoletsa. Ine ndayenda maiko, ndaona."

Boaz anali atangotomera mtsikana wina, Lettie. Mantha anamugwira. Kukana poyera anaopa manyazi kumpingo, ndiye anachita zimene anazolowera pa bodala, kuolotsa chinthu china m'dzina la chinzake. Anapeza mnzake Ackim, chidakwa chofanana naye msinkhu, n'kumupatsa reji yake, chiphaso cha boma chija. Chithunzi chake chinali chofufuma, chojambulidwa ali mnyamata.

"Ukangopereka mkono basi," anatero Boaz. "Akakufunsa dzina, ndiwe ine. Mowa wa sabata ino uli pa ine."

Ackim anapita, anatengedwa magazi. Zotsatira zitabwera, zinati palibe kufanana kulikonse. Boaz anafika pabedi la Jesca nkhope ili yakugwa, mpaka misozi anaifinya. Munthu uyu analibe manyazi.

Jesca anamugwira dzanja. "Musalire, achimwene. Inu mwayesetsa. Mulungu akuonereni."

Mvula isanathe, Jesca anamwalira. Pamaliro Boaz ndiye analankhula m'malo mwa banja, ndipo anthu anamuyamikira kuti ndi mlongo wachikondi. Chaka chomwecho anakwatira Lettie, ukwati wa phwando.

Koma chinsinsi chosungitsa kwa chidakwa chimakhala m'thumba lobooka. Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, Ackim ataledzera anakumana ndi Fainess pagulu.

"Aphunzitsi, mundilemekeze," anatero akudzandira. "Ine ndinakhalapo mlongo wanu tsiku limodzi. Magazi aja anali anga. A Boaz singano sinawakhudze n'komwe."

Fainess sanakuwe, sanatukwane. Anabwerera kwawo, n'kupitiriza kupereka moni kwa Boaz ngati kale. Mumtima ndimo munali moto.

Patapita zaka, Boaz anayamba kutopa pokwera kamtunda. Tsiku lina akutsuka mano anaona thovu lofiira. Anazindikira yekha asanauzidwe. Ku Lusaka anamva mawu omwe aja, akuti nazale yake ikufa, ndipo matenda ena otere amayenda m'banja.

"Muli ndi m'bale wa mimba imodzi?" anafunsa dokotala.

"Alipo mmodzi, adokotala."

"Abwere msanga tikamuyeze. Nthawi simuli nayo."

Za mphamvu ya mwamuna zija Boaz anaziiwaliratu. Anamuimbira Fainess.

"Alongo, moyo wanga uli m'manja mwanu. Akuti zimaphukiranso, simudzataya kanthu."

"Ndamva, achimwene," anayankha Fainess mofatsa. "Lolemba zonse zikhala m'malo."

Lolemba Boaz anadzuka m'mawa, anapempha Lettie kuti amukhazike tsonga ayang'ane kukhomo la wodi. Nthawi yoona odwala itakwana, amene analowa si Fainess. Anali Ackim, jekete lakutha, fungo la kachasu lili patsogolo. M'manja anagwira reji ya Fainess ndi tikiti ya basi.

"Alongo anu andituma," anatero Ackim akupinda mkono wa malaya. "Akuti ntchito imeneyi ndine ndimaidziwa, ndinakugwirirani bwino ulendo uja wa a Jesca. Ndikapereke kuti mkonowu?"

Lettie anayang'ana mwamuna wake. "Ulendo uti wa a Jesca?"

Boaz anangotenga foni yake. Anaimba foni ya Fainess, inali yotseka. Anaimba mawa lake, yotsekabe. Anamwalira mwezi usanathe, ndipo anamuika pafupi ndi Jesca. Akuti Fainess anabwera kumaliroko, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo diso lake silinanyowe.

Phunziro: Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, koma bodza limachiswa. Zimene anachita Fainess si zabwino, komabe amene anaphunzitsa Ackim njira ya kuchipatala ndi Boaz mwini. Choipa chitsata mwini. Nkhani za thupi lanu funsani achipatala, osati mlendo wa pamsewu, ndipo ngati mukuopa, nenani kuti mukuopa m'malo monamiza munthu amene akufa. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu mokha, itumizeni kwa abale anu onse, makamaka amene munabadwa nawo mimba imodzi.