Nyali Yofiira pa Mimba ya Don Eleuterio

Namwino Yolanda anazimitsa nyali yofiira ija nthawi isanakwane.

Don Eleuterio anali chigonere pabedi m'kachipatala kena ku Cochabamba, malaya atawakwinyira pachifuwa. Panali patatha masiku khumi ndi awiri osachita chimbudzi, ndipo aka kanali kachisanu kudzawotha nyali imene ankati imadzutsa matumbo.

"Wazimitsiranji, mwana wanga? Mbatatesi yake sinapsetu," anatero akuseka, uku akusisita mimba yawo yotupa.

Yolanda sanaseke. Anadina kumanzere kwa mchombo, n'kudinanso. Chala sichinalowe.

"Bambo, munakulira m'nyumba yadothi?"

"Tonse kwathu ku Aiquile."

"Nanga vinchuca, tizilombo toyamwa magazi tija, tinkakulumani?"

"Iii, tinkachita kutitola pakhoma ngati mtedza, ine ndi achimwene anga a Fermín."

"A Fermínwo ali kuti pano?"

Don Eleuterio anayang'ana kudenga. Anakumbukira mmene bokosi la maliro la achimwene awowo linakanira kutsekeka chifukwa cha mimba yotupa.

"Anatisiya," anayankha chapansipansi.

Yolanda anatsegula chitseko n'kuitana mkazi wa Don Eleuterio, amene ankaluka juzi pabenchi.

"Doña Benita, talowani. Ndikuopa kuti matenda obwera ndi vinchuca awatseka matumbo, ngati a Fermín. Ndikukaitana adokotala. Musawapatse chilichonse, ngakhale madzi."