Liwu Limene Don Evaristo Analipeza Pafoni

Loweruka m'mawa lole inali itaima kale pakhomo, ndipo Don Evaristo, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito mumzinda wa Cali, ankalamula onyamula katundu ngati kapitawo.

Zonsezi zinayamba ndi liwu limodzi limene analipeza pafoni: minimalism. Kwa miyezi itatu mkazi wake, Doña Nohemí, analimva m'mawa, masana ndi madzulo.

"Tanthauzo lake n'kukhala ndi zochepa, mayi. Chosakuthandizani, chotsani. Anthu ozindikira kuchipinda kwawo kumakhala bedi ndi nyale basi. Osati muno, nyumba ngati msika."

"Ndamva, aphunzitsi," ankayankha Nohemí, uku akukazinga nthochi.

Pa zaka makumi atatu za ukwati wawo mayiyu anali asanatayepo ngakhale chitini cha khofi. Choncho Evaristo anadzimva ngwazi pomuona akumanga yekha makatoni, akuimba. Kumene katunduyo ankapita sanafunse. M'parishi yawo zinthu zakale amapereka kwa masisitere. Makina osokera anakwera. Zinatsatira mbale za malemu apongozi, zifanizo za oyera mtima, mapoto, makatani.

"Firijinso?" anafunsa Evaristo.

"Simunati zochepa?"

Kubweza mawu pamaso pa anthu aganyu Evaristo sakanatha. Anapinda malaya, nagwira firijiyo mbali imodzi, msana ukudandaula masitepe onse.

Pofika masana nyumba inali mbee. Munatsala mpando umodzi, matiresi ndi mabuku ake otanthauzira mawu. Akatsokomola, makoma ankayankha. Anajambula chithunzi n'kutumizira anzake osewera nawo domino: "Umu ndi mokhala munthu wotsogola. Phunzirani, mbuli inu."

Kenaka anatsikira kumsewu, nagogoda chitseko cha lole.

"Achimwene, mukawauze masisitere kuti zonsezi zachokera kwa Evaristo Mosquera. Dzinalo alembe bwino."

Dalaivala anayang'ana pepala lake, nakanda mutu.

"Masisitere ake ati, bwana? Ine andiuza ku Palmira, kunyumba imene mayiwa apeza."

Nohemí anatuluka atavala diresi lofiira, naika makiyi m'dzanja la mwamuna wake, nakwera kutsogolo.

"Mumaphunzitsa bwino, bambo," anatero pawindo. "Ndinafufuza nyumba yonse, chosandithandiza ndinapeza chimodzi chokha. Tiyeni, adalaivala."