Mkanjo wa Mphenzi

Munthuyo anafika masana, malata a msika wa Chisokone akutentha ngati chiwaya, ndipo sanapereke moni wa Chibemba monga amachitira makasitomala onse. Anaima pakhomo pa kashopu ka Priscah nati, "Odi, Nambewe."

Priscah anaimitsa makina osokera. Mu Kitwe monse, amene ankamuitana ndi mfunda wa bambo ake anali mayi ake okha, ndipo iwo anali atagona kumanda.

Mlendoyo anali mkulu wa imvi, wa mphuno yophwanyika ndi zikope zodzaza zipsera. Anasolola m'jumbo mkanjo wofiira wonyezimira nauyala patebulo. Njenjete zinali zitadya kolala, koma zilembo zagolide za kumsana zinkawerengekabe: MPHENZI.

Magazi a Priscah anawira. Dzinali analiyamwira kubere. Spencer Zulu, wodziwika kuti Mphenzi, anali katswiri wa nkhonya amene ankalowa m'bwalo akuvina, ng'oma zikulira, ndipo polankhula pa wailesi ankadzitchula dzina ngati akunena za munthu wina. Ndi iyeyu amene anagwetsa Shadreck Mbewe, bambo ake a Priscah, pa nkhonya yolimbirana lamba, Priscah akadali kumsana. Mayi ake ankati Spencer anapaka mankhwala pa magolovesi. Shadreck anachoka pakhomo sabata yomweyo osatsanzika, ndipo mayiwo anatentha zithunzi zake zonse.

Kuyambira ali mtsikana, Priscah ankalota tsiku limene adzakumane ndi wakuba ameneyu ndi kumuvomeretsa bodza lake. Lero wadzibweretsa yekha, atavala nsapato zong'ambika.

"Ukonze kolala ndi mkono uwu," anatero mkuluyo. "Ukufunika mawa."

"Mukavine nawo kuti, madala? Ng'oma zanu zinabooka kale."

Mkuluyo anakhala pa benchi osauzidwa. Maso ake sanali pa mkanjo. Ankayang'ana manja a Priscah, chipumi chake, kakhalidwe kake pa mpando, ndipo kuyang'anako kunamunyansa kwambiri Priscah.

"Mphenzi ukumudziwa?" anafunsa.

"Ndani sadziwa tambala wa nthenga zambiri? Mukamusosola mumapeza mafupa okhaokha. Nyuzipepala ndi zimene zinamukweza. Ankasankha nkhalamba ndi zidakwa zoti amenyane nazo, ndipo atakumana ndi mwamuna weniweni anathamangira kwa sing'anga."

"Ayi. Anthu anaona kuvina, sanaone dzanja lamanzere. Mphenzi ankadzuka tambala asanalire, nkuthamanga kuzungulira mulu wa miyala ya kumgodi anzake ali m'bulangete. Mikanjoyi inali yokopera anthu kuti adzaze holo. M'dziko muno simunabadwe wina womenya ngati iye, ndipo anthu sanamulemekeze ngakhale theka la ulemu womuyenera."

Priscah anaseka mopanda chimwemwe. Ukalamba wonsewu, munthu akudzitamabe ngati ali pa wailesi!

Anatola sizasi yaikulu nalowetsa nsalu yofiirayo pakati pa mano ake, pansi penipeni pa chilembo choyamba.

"Mwanditchula Nambewe, ndiye kuti mukudziwa kuti ndine mwana wa ndani. Ndikufuna mawu amodzi okha. Nenani kuti Shadreck Mbewe anaberedwa. Mukanena, ndisoka mkanjowu bwinobwino, ukhala ngati watsopano. Mukakana, muutolera m'zidutswa."

Telala wa shopu yoyandikana anasuzumira nafunsa m'Chibemba ngati kuli bwino. Priscah sanatembenuke nkomwe.

Mkuluyo anapukuta nkhope ndi chipewa chake. 

"Ndikanakonda ndikanatha kukunamiza, mwana iwe. Panalibe mankhwala. Shadreck anatsitsa dzanja lamanja chifukwa chodzikhulupirira, nkhonya inalowa, basi. Anagwa mwachilungamo."

"Bodza!"

"Ndipo si Mphenzi amene anamuchotsa pakhomo. Shadreck anali atalonjeza komboni yonse kuti abwera ndi lamba. Analephera kupirira kuseka kwa anyamata pamsewu, nkusiya mkazi ndi khanda. Kugwa m'bwalo si mlandu. Mlandu wake ndi mantha amenewo."

"Mukutukwana bambo anga m'shopu mwanga?"

Sizasi inaluma. Inayenda kuchokera ku M mpaka ku I, ikulira ngati ikudya mchenga, ndipo timikanda tagolide tinamwazika pa simenti. Priscah anang'amba chotsalacho ndi manja, naponya zidutswa ziwirizo pa miyendo ya mkuluyo. Ankayembekeza kuti adzuka ndi ukali, kuti msika wonse uone ngwazi yawo ikukweza dzanja pa mzimayi. Mumtima ankachita kufuna kuti atero.

Koma mkuluyo anagwada movutikira nayamba kutola timikandato kamodzikamodzi, nkumatiika m'thumba la malaya.

"Tulukani," anatero Priscah. "Mukavale zigamba zanuzo."

"Si ine wovala," anayankha mkuluyo ali chigwadire. "Mwini wake tikamuika m'manda mawa ku Ndola, ndipo anapempha kuti apite atavala mkanjowu. Anandipeza ndikugona pa siteshoni, nandisunga kwake ku Chipulukusu zaka zonsezi. Asanatsirizike anandilumbiritsa kuti ndisapite nawo kwa telala wina aliyense koma iwe, chifukwa ankadziwa kuti pandekha sindikanalimba mtima kufika pakhomo pano."

Priscah anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nanga inu ndinu ndani?"

Mkuluyo anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Shadreck Mbewe."